Nyimbo zinandilowetsa mu filimu, koma ntchitoyo ndinaiyambira pansi

Woyimba aliyense wa mu Lilongwe muno, nyimbo yake ikangoyamba kumveka m'maminibasi ndi m'mashopu a ometa, asadabwe tsiku lina kulandira foni yoti, "Sisi, tikupanga filimu ndiye pali malo anu." Achinyamata oyimba amandifunsa kawirikawiri kuti foni yotereyi aziiyankha bwanji. Ndimawauza kuti vomerani, koma muzidziwa chimene mukuvomeracho. Dzina limene mwapanga ndi nyimbo lidzakulowetsani, izo n'zoona. Koma mukalowa, dzinalo silidzakugwirirani ntchito, mudzayamba kuphunzira ngati wina aliyense wobwera kumene.

Ine ndinakulira ku Kawale. Kuyimba ndinayambira m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, kenako n'kumakathandizira anzanga mawu a kumbuyo m'timasitudiyo ta ku Biwi ndi ku Area 25, tija ta chipinda chimodzi, makoma atakhomedwa matileyi a mazira. Nyimbo zanga zitayamba kudziwika, ndalama sizinkachokera kogulitsa nyimbo ayi. Anyamata oika nyimbo m'mafoni ankazigulitsa tsiku ndi tsiku, ine osaonapo ndi tambala yomwe. Chinkandidyetsa ndi maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower ndi mashoo a usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Ndiye mu Marichi 2020 boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100 chifukwa cha Covid-19, zonse zinaima tsiku limodzi. Amene anali atandipatsa kale theka anayamba kuitanitsa ndalama zawo. Foni ya filimu inandipeza m'nyengo imeneyo, lendi ili pakhosi.

Mtima unandilimba chifukwa mu 2019 tonse tinali titaona Lily Banda, amene tinkamudziwa ngati woyimba, akusewera ngati Annie, mlongo wake wa William Kamkwamba, mu The Boy Who Harnessed the Wind. Filimuyi Chiwetel Ejiofor anaijambulira ku Kasungu, kwawo kwa Kamkwamba, ndipo inaonetsedwa pa Netflix. Chimene chinandikhudza n'choti pa kanemapo sindinaone woyimba wa pa siteji. Ndinaona mtsikana wa kumudzi amene njala ya 2001 ndi 2002 yamupanikiza mpaka kusowa pogwira. Panthawiyo ndinkangosirira, osadziwa kuti kusiya dzina lako panja chonchija n'kukhala munthu wina ndiye ntchito yonseyo. Kunja nako zitsanzo zilipo. Will Smith analandira Grammy mu 1989 ali woyimba rap, n'kuyamba kusewera pa TV mu 1990, koma Oscar anadzaigwira mu 2022, patatha zaka 32. Anthu amakumbukira mphotoyo, zaka za pakatizo saziwerenga.

Choyamba muvomereze chifukwa chimene akuitanirani. Wotsogolera filimu yanga yoyamba anali munthu wachilungamo, sanandinamize. Anati, "Achemwali, sitinakuonenipo mukusewera. Koma anthu amene amakutsatirani pa Facebook akamva kuti muli mu filimuyi adzagula matikiti." Mawu amenewa sanandipweteke, ndipo nanunso asakupwetekeni. Kuno kwathu malo oonetsera mafilimu ndi ochepa. Ndalama zimachokera ku matikiti a tsiku loikhazikitsa, ku YouTube, ku ma TV ndi ku mabungwe ofuna kufalitsa uthenga wawo. Wopanga filimu akamafuna nkhope yodziwika, akufuna kubweza ndalama zake. Ndiye nkhope yanu ili ndi mtengo, musaipereke mosadziwa. Koma dziwaninso kuti kojambulako mudzapeza anthu amene akhala m'zisudzo zaka zambirimbiri, mwina akulandira zochepa kuposa inu. Amakhala akukuyang'anani kuti aone ngati mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaonetsa zovala, ndipo ali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo.

Tinkajambulira m'nyumba ina ku Chinsapo. Ine ndinali mtsikana wogulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka, amene geni yamugwera. Gawo limene tinayambira linali loti ndikuuza mayi anga kuti mpamba umene anandibwereka, ndalama zawo za ku banki mkhonde, watha. Ndinalowa ndi mphamvu zonse za pa siteji: manja m'mwamba, mawu okweza, nkhope yokwinya kuti aliyense aone kuti zandivuta. Wotsogolera anakuwa kuti "Cut!" n'kundipempha kuti ndichepetse. Tinabwereza, anapemphanso zomwezo. Choti ndichepetse n'chiyani, ine sindinkachiona, popeza ndi mmene ndakhala ndikufikira anthu moyo wanga wonse.

Amene anandimasula ndi mayi wachikulire amene ankasewera ngati mayi anga, munthu woti wakalambira m'masewero a pa wailesi ndi a pa siteji. Anandikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala la mbale, nati: "Mwana wanga, ukamayimba umafuna kuti munthu amene wakhala kumapeto kwa holo akumve, n'chifukwa chake umadzikulitsa. Kamera ili pamphuno pako penipeni, imaona ngakhale ukameza malovu. Usaiuze kuti uli ndi chisoni. Iwe ingondiuza nkhaniyo ine mayi ako, ndipo undimvetsere ndikamayankha."

Titabwerera ndinawayang'anitsitsa. M'gawo limenelo iwo ankasankha nyemba m'lichero, atakhala pa mphasa miyendo atatambasula. Nditangotchula kuti ndalama zatha, sanalire, sanakuwe, sanadzutse ngakhale mutu. Zala zawo zinangoima m'nyembamo. Kamwala kamene anali atatola anakagwirabe pakati pa zala ziwiri, osakataya, kwa kanthawi ndithu. Kenako anafunsa chapansipansi kuti, "Zonse?" Ine kukhosi kunauma zenizeni, moti mawu otsatira ananditulukira monjenjemera popanda kuwakonza. M'nyumbamo munali zii, wa kamera anaiwala n'kupuma komwe. Gawo limenelo ndi limene anthu amandikumbutsa mpaka lero, ndipo ndimawauza kuti analipanga ndi mayi aja, ine ndinangowamvetsera.

Ambiri timaganiza kuti poti tajambulitsapo mavidiyo a nyimbo ndiye kuti kamera taizolowera. Ntchito ziwirizi n'zosiyana. Mu vidiyo ya nyimbo umayang'ana m'diso la kamera, nyimbo ikulira pa sipika iwe n'kumatsatira ndi milomo, umasintha zovala kangapo, ndipo cholinga chonse n'choti uoneke bwino kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Mu filimu diso la kamera suliyang'ana, mawu ako enieni ndi amene akujambulidwa, ndipo ngati ukusewera munthu wosauka uvala chitenje chofwifwa ndi mapatapata otha, nkhope yopanda zodzola. Ndaona oyimba anzanga akukana kuchotsa zikhadabo zoikirira pamene akusewera mayi wa kumunda. Woonera wa ku Mtandire kapena ku Mitundu simungamunamize, amadziwa mmene manja a munthu wolima amaonekera.

Komabe musadzione ngati mwabwera chimanjamanja. Woyimba ali ndi khutu. Amadziwa pamene mawu akufunika kupuma, amadziwa kusunga mpweya, kuloweza mawu sikumuvuta, ndipo gulu la anthu omuyang'ana silimunjenjemeretsa. Situdiyo nayo inatiphunzitsa kubwereza mzere umodzi kambirimbiri osanyinyirika mpaka pulodyusa akhutire, ndipo mu filimu kubwereza ndiko kumadya tsiku lonse.

Tsamba limodzi la script, buku lolembedwamo nkhani ndi mawu onse a filimu, limatulutsa pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, koma kulijambula kungathe theka la tsiku. Amayamba kujambula chapatali kuti nonse muoneke, kenako amasuntha kamera ndi magetsi n'kujambula nkhope yanu, kenako ya mnzanu, ndipo ulendo uliwonse muyenera kuchita chimodzimodzi. Ngati kapu ya tiyi munainyamula ndi dzanja lamanja, izikhala kumanja komweko. Komanso filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Magawo onse a m'nyumba imodzi amawamalizira pamodzi, moti m'mawa mutha kulira maliro a munthu amene masana mukhale mukuseka naye ali moyo. Ndiye muziwerenga script yonse, osati mizere yanu yokha, ndipo pambali pa gawo lililonse muzilemba ndi pensulo kumene munthu wanuyo akuchokera ndi zimene akudziwa pofika pamenepo. Tsitsi nalo silisinthidwa mpaka ntchito ithe. Ine ndinali nditaluka mizere wamba ya mtsikana wa kumsika, ndiye kaukwati ka anthu ochepa katapezeka pakati pa ntchitoyo, ndinangovala wigi pamwamba, Lolemba n'kuivula.

Chimene palibe amakuuzani ndi kudikira. Mu Lilongwe phokoso silisowa. Wogwira maikolofoni, mahedifoni ali kukhutu, amamva zimene enafe sitikumva: chigayo cha kuseri, tambala wa aneba, njinga zamoto za kabaza, zokuzira mawu za tchalitchi chapafupi. Akangokweza dzanja, nonse mumaima. Nyengo ya dzinja, mvula ikagwa pa malata ntchito imaima kwa maola. Magetsi akazima mumayatsa jenereta, nayo phokoso lake n'kulowa m'mawu. Dzuwa likamapendeka cha m'ma 5 koloko aliyense amathamanga, popeza ikamakwana 6 kuwala kwatha. Ife oyimba tinazolowera kufika anthu atatidikira kale, n'kulandiridwa ndi nthungululu. Kuno ukachedwa ola limodzi waonongera gulu lonse dzuwa la tsikulo, ndipo sadzakuitananso ngakhale nyimbo yako ikhale pa nambala wani.

Samalaninso mawu anu, popeza ndiwo khasu lanu. Gawo lokuwa kapena lolira mobwerezabwereza, m'fumbi la Okutobala kapena m'chisanu cha Juni, limasasitsa mawu. Ngati muli ndi shoo Loweruka, pemphani msanga kuti magawo otere asaikidwe Lachisanu. Wotsogolera wanzeru amamva, bola mumuuze nthawi ikadalipo.

Tsopano za ndalama. Nditafika kunyumba ndi chimwemwe choti ndapeza filimu, achimwene anga aakulu anangofunsa kuti, "Nanga pepala lili kuti, achemwali?" Ndinati anthu ake ndi abwino, tagwirizana pakamwa. Iwo sanayankhe. Anatenga kope la mwana wawo n'kung'ambamo tsamba la pakati, tinakhala pa tebulo n'kuyamba kulemba. Ndalama zonse zingati. Zingati ndilandire tisanayambe, zingati pakati, zingati tsiku lomaliza. Masiku ojambula angati, nanga akapitirira, tsiku lililonse loonjezera ndi ndalama zingati. Thiransipoti ndi chakudya n'za ndani. Nkhope yanga ndi dzina langa azigwiritsa ntchito pati. Wopanga filimu anaseka pang'ono ataona pepala la m'kope, koma anasaina, mboni ziwiri zilipo. Masiku ojambula anapitiriradi, monga amachitira pafupifupi mu filimu iliyonse, ndipo pepala lija ndi limene linandilankhulira popanda kukangana ndi munthu.

Ambiri adzakuuzani kuti, "Tidzagawana filimu ikayamba kulowetsa." Ena amanena ndi mtima woona, koma inu mabuku awo simudzawaona, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mwawakonda anthuwo n'kufuna kuwathandiza ulere, palibe cholakwika, ingothandizani mukudziwa kuti ndi ulere.

Mzere umene ndimauona wofunika kuposa yonse achimwene anaulemba kumapeto: nyimbo zanga sizili m'kati mwa malipiro a kusewera. Woyimba akalowa mu filimu, opanga filimu amangoona ngati nyimbo zake zabwera naye limodzi. Ayi. Kusewera ndi ntchito ina, nyimbo ndi katundu wina. Ndipo m'nyimbo imodzi muli umwini uwiri. Pali wa amene anapeka mawu ndi mayimbidwe, palinso wa chojambulidwa chimene chinatuluka mu situdiyo, chimene nthawi zambiri pulodyusa kapena amene analipira situdiyo ali nacho gawo. Mukaloleza nyimbo panokha osamuuza, mwadziputira mlandu ndi munthu amene mudzamufunenso mawa. Mnzanga wina woyimba anasewera mu filimu ina popanda pepala. Nyimbo yake anaiika koyambirira, pakati ndi kumapeto, n'kuigwiritsanso ntchito potsatsa filimuyo. Atafunsa za ndalama anamuyankha kuti, "Takutchukitsa." Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa ngongole imene analowa kuti ajambulitse nyimbo imeneyo. Lamulo la Copyright Act la 2016 lilipo, ndipo bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno. Lembetsani nyimbo zanu kumeneko musanalowe mu filimu iliyonse, ndipo mukafunse za chilolezo choika nyimbo mu filimu musanauze munthu kuti "ingotengani".

Pali chinthu china chimene chimakhudza ife oyimba kuposa anzathu a zisudzo. Munthu wa zisudzo anthu anamuzolowera kuti lero ndi mfiti, mawa ndi m'busa. Woyimba amamudziwa ndi nkhope yake yeniyeni, ndipo amakhulupirira kuti zimene amayimba ndi zimene ali. Mu filimu yanga yachiwiri ndinasewera mkazi wolanda mwamuna wa mwini. Itangotuluka, amayi ena mumsika ankakodolana ndikamadutsa, wina mpaka anandiuza maso ndi maso kuti, "Mwana iwe, tinkakuyesa wabwino." Komiti ya ukwati wina imene inali itandiitana kale inabweza mawu, ati akuchikazi sakufuna munthu wotere ayimbe pa tsiku la mwana wawo. Zinandipweteka, ndipo ndalama ija ndinkaifuna. Gawolo sindidandaula nalo, chifukwa nkhani yake inali yoona ndipo amayi ambiri anandiuza kuti anaonamo banja lawo. Chimene chinandithandiza n'choti filimu isanatuluke ndinali nditakhala pansi ndi mayi anga ondibereka komanso akuluakulu a kwaya yathu, n'kuwafotokozera zonse. Mayi anati, "Bola watiuza wekha. Tikamva kwa anthu tidziwa poyankha." Ngati muli pabanja kapena pachibwenzi, mnzanuyo asakaonere pa YouTube zinthu zimene mukanamuuza pakhomo.

Kwa atsikana, ndi anyamata omwe, ndinene mosabisa. Audition yeniyeni, kumene amakuyesani ngati mungathe kusewera gawolo, imachitika masana, pamalo poti pali anthu ena, ndipo simuyenera kulipira kuti akuoneni. Munthu akakuitanani ku loji usiku kuti "tidzayeserere gawo lachikondi", kumeneko kulibe filimu. Kulikonse kumene mwaitanidwa koyamba pitani ndi mnzanu kapena mbale wanu, ndipo funsani amene anagwirapo ntchito ndi munthuyo. Lilongwe ndi wamng'ono, mbiri ya munthu simuchedwa kuimva. Magawo ogwirana kapena okumbatirana muzikambirana kale pamaso pa anthu, malire anu n'kuwalemba pa pepala lija. Kukana pa tsiku lojambula, magetsi atayatsa kale ndipo gulu lonse likukuyang'anani, n'kovuta kwambiri ngakhale kwa munthu wolimba mtima.

Anthu odziwa ntchitoyi tili nawo kuno kwathu. Joyce Mhango Chavula anapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yotchedwa Lilongwe, ndipo Shemu Joyah anapambana komweko mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Onerani mafilimu a anthu ngati amenewa mutatsitsa voliyumu, muone ngati nkhani mungaitsate ndi nkhope zokha. Ine ndi anzanga timakumana Lamulungu masana ku Area 25. Wina amagwira foni n'kujambula, awiri n'kumawerenga gawo, kenako timaonera limodzi. Kudziona wekha pa foni kumachititsa manyazi poyamba, koma ndi mmene ndinadziwira kuti ndimagwedeza mutu motsatira biti pamene palibe nyimbo, komanso kuti ndimakoka mawu omaliza a chiganizo monga ndimachitira potseka vesi. Zizolowezi zotere woyimba aliyense ali nazo zake, ndipo sungazione popanda kudzijambula.

Mukapatsidwa mwayi wosankha, tengani gawo laling'ono pafupi ndi munthu wodziwa, kusiyana ndi gawo lalikulu pakati pa anthu amene nonse mukuphunzira. Adzafunanso kukupatsani gawo la woyimba, kuti mungoimirira ndi maikolofoni n'kuyimba nyimbo yanu yomwe ija. Kamodzi palibe vuto. Koma mukazolowera zimenezo simudzaphunzira kanthu, ndipo nyimbo ina ya mnzanu ikadzatchuka, foni idzapita kwa iyeyo.

Kuyimba sindinasiye, ndipo sindilangiza aliyense kuti asiye. Mafilimu kuno amabwera mwa apo ndi apo, pamene maukwati nyengo ya chilimwe amakhala sabata iliyonse. Pa pepala lililonse limene ndimasaina tsopano pamakhala mzere woti Loweruka sindijambula, pokhapokha atandiuza kudakali milungu iwiri ndi kundibwezera ndalama ya shoo imene ndaisiya. Opanga mafilimu ena amakana n'kukatenga munthu wina, koma ambiri amavomera.